Ndisunge zinthu zingati zapadera m'nyumba yomwe ndimalandiliramo alendo?

Funso lomwe ndalandira kuchokera kwa mayi wina likuti:

"Zikomo. Papita miyezi 4 chiyambireni kubwereketsa nyumba yanga ya zipinda ziwiri kwa alendo a masiku ochepa kudzera pa Airbnb. Vuto langa ndi loti sabata iliyonse pamakhala chomwe chasweka kapena chasowa, lero tambula, mawa thawulo lathimbirira, tsiku lina mabatire a rimoti anatha mlendo nkundiimbira 11 koloko usiku. Ndikufuna ndigule zinthu zapadera zoti ndizisunga koma bambo a kunyumba akuti ndikungotsekera ndalama mu kabati. Kodi ndisunge chiyani, zingati, nanga ndiziika pati poti alendo ena amangotenga chilichonse chomwe achipeza?"

Mayi, bambowo musawatsutse kwambiri, mbali ina akunena zoona. Ndaonapo anthu atadzadza chipinda chonse ndi katundu, mpaka mayikulowevu yachiwiri ili mu katoni chaka chathunthu, koma tsiku lomwe loko ya pakhomo yatha mabatire alibe ngakhale limodzi. Nde nkhani sikuti mugule zambiri ayi. Nkhani ndi nthawi.

Taganizani mmene tsiku limayendera mukakhala ndi alendo otsatizana. Wina akutuluka 10 kapena 11 mmawa, wina akulowa 3 masana. Muli ndi maola 4, mwina 5, ndipo mmaola amenewo muyenera kuyalula, kuchapa, kukolopa, kutsuka bafa, kutaya zinyalala, kuyala, nkuonanso ngati chilichonse chikuyaka. Palibe mpata woti muzikazungulira mmasitolo kufunafuna pilokesi yofanana ndi inzake. Ndiye pa chinthu chilichonse mnyumbamo muzidzifunsa mafunso awiri basi: ichi chitawonongeka lero, ndingapeze china mlendo asanafike? Nanga mlendoyo angagone bwinobwino popanda icho? Mukayankha ayi konse kuwiri, chimenecho chikhale ndi chinzake mu kabati. Zinazo zisiyeni ku sitolo, akusungirani komweko ulere.

Ndiyambe ndi zoyala pabedi ndi mathawulo chifukwa ndalama zambiri zimalowa pamenepa, komanso ndi pomwe ndemanga za alendo zimafera. Mahotela ali ndi kawerengedwe kawo kakalekale koti chilichonse cha nsalu chikhale patatu: china chili pabedi, china chili kochapa, china chapindidwa pa shelefu chikudikira. Inunso tsatirani zomwezo. Mabedi awiri ndiye kuti maseti 6, ndipo ngati nyumba yanu imalandira anthu 4, mathawulo aakulu akhale 12. Ndikudziwa mukuti aaa zachuluka, maseti awiri sangakwane? Amakwana ndithu, mpaka tsiku lomwe mvula yagwa kuyambira mmawa zovala osauma, kapena makina ochapira aima madzi ali mkati, kapena mwayalula nkupeza banga lomwe likufuna kunyikidwa usiku wonse. Tsiku limenelo seti yachitatu ndi yomwe imakupulumutsani, apo ayi mudzayala shiti yonyowanyowa nkumapemphera kuti iume mlendo asanagone, ndipo fungo la nsalu yosauma bwino mlendo amalimva akangotsegula chitseko.

Gulani zoyera, zopanda maluwa, ndipo zonse zikhale za mtundu umodzi. Izi ndinaziphunzira mowawa. Nditangoyamba ndinagula maseti okongola kwabasi, ina yobiriwira ya masamba, ina yotuwa ya mizeremizere, ndinkaona ngati pa zithunzi ziziwoneka bwino, ndipo zinkawonekadi bwino. Kenako mlendo wina anagona atapaka mankhwala a ziphuphu kumaso, mmawa pilokesi imodzi ya seti yobiriwira ija inali ndi mabanga achikasu ngati yathiridwa jiki. Mankhwala ambiri a ziphuphu amakhala ndi benzoyl peroxide, ndipo ameneyu amasukulutsa utoto wa nsalu, sizibwereranso. Ndinapita komwe ndinagula, mtundu umenewo unali utatha kale, ndiye pilokesi imodzi inandiphera seti yonse. Zikanakhala zoyera ndikanangotenga pilokesi ina pa shelefu nkhani yatha. Nsalu yoyera benzoyl peroxide alibe choti asukulutse, mutha kuichapa ndi madzi otentha, mutha kuinyika, ndipo mlendo akaiona amakhulupirira kuti ndi yochapa chifukwa choyera sichibisa litsiro. Mapilokesi mugule opitirira chiwerengero cha maseti, amatha msanga kuposa mashiti chifukwa ndi omwe amakumana ndi mafuta a kumutu ndi zodzola zonse.

Pa zodzoladzola pomwepa, ikani timathawulo takuda tating'ono tiwiri ku bafa, mulembepo kapena muike kapepala koti izi ndi zopukutira zopaka kumaso. Sionse amamvera koma ambiri amamvera, ndipo mathawulo anu oyera aja amakhalitsa. Banga la magazi muzilitsuka ndi madzi ozizira kaye, madzi otentha amaliphika nkulikhazikitsa mu nsalu. Wokonza mnyumba wanu mumuuze zimenezi tsiku loyamba lomwe.

Chinthu chomwe anthu atsopano amachiiwala ndi chotchingira matiresi, chija chosalowa madzi. Chikhale pabedi lililonse, ndipo china chapadera pa bedi lililonse, chifukwa chimachedwa kuuma kuposa shiti. Mwana akakodza pabedi kapena munthu akatayira chakumwa, kusiyana kwake ndi uku: muli nacho, mwangochotsa nkuika china mphindi 5, mulibe, mukuimbira mlendo wotsatira kumupepesa uku mukufunsa mtengo wa matiresi atsopano. Mapilo nawonso muwaveke zotchingira za zipi mkati mwa pilokesi, ndipo awiri atsopano akhale pambali. Bulangete limodzi lapadera pa chipinda chilichonse, ili lokha musalitsekere, likhale mu wadirobu poti mlendo alipeze yekha, kuzizidwa usiku sikudikira kuti inu mudzuke.

Kanthu kena kakang'ono: ngati mabedi anu ndi osiyana kukula, sokererani kaulusi ka mtundu pa ngodya ya shiti, kofiira bedi lalikulu, kabuluu laling'ono. Mashiti oyera akapindidwa onse amafanana, ndipo palibe chotopetsa ngati kutambasula atatu kuti mupeze yokwana. Zochapa kumene muziika pansi, muzitenga za pamwamba, kuti zonse zizitha mofanana. Mukapanda kutero seti imodzi imakhala yatsopano mbee pomwe ziwiri zasanduka sanza, ndipo mukadzaphatikiza mtundu umasiyana.

Tsopano za foni ya 11 koloko ija. Yendani mnyumba monse ndi pepala, tsegulani chilichonse chomwe chimadya batire nkulemba saizi yake, osangoganizira. Marimoti ambiri a TV ndi a eyakoni amadya AAA, wotchi ya pakhoma nthawi zambiri AA, maloko a manambala ambiri AA, alamu ya utsi ina imadya batire lamakona lija la 9V, ndipo timarimoti ta geti kapena ta galaja timakhala ndi timabatire tawotawo, monga CR2032, tomwe simungatipeze pa sitolo iliyonse usiku. Paketi imodzi ya mtundu uliwonse yakwana. Musaphatikize batire lakale ndi latsopano mu chipangizo chimodzi, lakalelo limatha msanga nkuyamba kutuluka madzi aja oyera omwe amadya tizitsulo ta mu rimoti. Loko ya pakhomo musaidikire kuti ithe, ikangoyamba kuchenjeza sinthani onse nthawi imodzi, ndipo phunzirani lero njira yake yotsegulira mabatire akafa, ina ili ndi kabowo ka kiyi kobisika, ina imalola kukhudzitsa batire la 9V kunja. Izi simungaziphunzire bwino pa foni mlendo ataima panja ndi masutikesi.

Alamu ya utsi ili ndi khalidwe lake loipa, batire likamatha imayamba kulira kamodzikamodzi, tswii, nkukhala chete, tswii, ndipo imakonda kuyamba pakati pa usiku chifukwa kukazizira batire lofooka limafookeratu. Mlendo wotopa amangoigwetsa pansi nkuchotsa batire, osakuuzani, ndiye mumakhala miyezi nyumba ilibe alamu inu osadziwa. Sankhani tsiku limodzi pa chaka losinthira mabatire ake kaya atha kaya ayi, ndipo muziiyesa podina kabatani kake. Alamuyo payokha imasinthidwa pakatha zaka 10, deti yomwe inapangidwa imalembedwa kumbuyo kwake.

Mababu nawo ali ndi msampha. Pali olowetsa mopotokola, omwe amalembedwa E27 kapena E14 aang'ono aja, pali okankha nkukhotetsa pang'ono a B22, palinso a mu siling'i monga GU10. Nyumba imodzi itha kukhala ndi mitundu itatu. Kupatula apo pali mtundu wa kuwala, pa katoni pamalembedwa nambala ya K: 2700K kapena 3000K ndi kuwala kofunda kwachikasu, 6500K ndi koyera kwa mbee ngati mu ofesi. Mukaika limodzi lachikasu limodzi loyera mbali ziwiri za bedi chipinda chimaoneka ngati chodwala, mlendo sanganene chomwe chalakwika koma amaona kuti pali china sichili bwino. Awiri a mtundu uliwonse, kuwala kofanana, basi. Ngati mapulagi a mnyumba mwanu ndi aja okhala ndi fyuzi mkati, sungani kapaketi ka mafyuzi a 3A, 5A ndi 13A pamodzi ndi sikuludalaiva, ketulo zina zomwe anthu amataya zimakhala kuti yangopsa ndi fyuzi. Adaputa imodzi ya alendo ochokera maiko a mapulagi ena, chaja imodzi ya USB-C, tochi imodzi yoyaka. Chaja ndi adaputa muzilembe dzina la nyumba ndi maka, sikuti anthu amaba dala, zimangolowa mu chikwama pamodzi ndi zawo.

Ku khitchini lamulo ndi lomwe lija la mashiti, zosakongoletsa, zofanana, zopezeka nthawi zonse. Mbale zoyera wamba, matambula wamba. Mukamagula gulani dazeni nthawi imodzi, 6 muike mu kabati ya alendo, 6 mubise, likasweka limodzi mwangotulutsa linzake palibe angadziwe. Matambula a waini aja a mwendo wautali amasweka mukangowayang'ana, ine ndinasiya, ndimagula opanda mwendo. Timasupuni ta tiyi ndi tomwe timasowa kwambiri mnyumba iliyonse ya alendo yomwe ndaionapo, timapita mu bini pamodzi ndi zotengera zakudya, ndiye tigulenitu tambiri musadandaule nato. Chotsegulira zitini, chotsegulira mabotolo, mpeni umodzi wakuthwa, sizasi, izi chimodzi chimodzi chapadera. Chiwaya chosamata chija dziwani kuti ndi chakutha ngati sopo, anthu amakanda ndi foloko ngakhale mutaika zipande zamtengo 10 pambali pake, nde musagule chodula, mugule chapakatikati ndi chinzake chodikira. Siponji yotsukira mbale ikhale yatsopano mlendo aliyense, mutha kudula imodzi pakati kuti zikhale ziwiri, koma yakale ayi, munthu akaona siponji yonyowa ya mlendo wina amayamba kukayikira khitchini yonse.

Pa zamagetsi, chomwe ndimasunga chapadera ndi ketulo yokha, mwinanso ayironi ndi choumitsira tsitsi ngati munazilemba pa mndandanda wa zomwe nyumba ili nazo. Chifukwa chake ndi chosavuta, ndi zotchipa, zimafa mosachenjeza, ndipo munthu akadzuka mmawa ketulo osayaka tsiku lake layamba moipa ndipo ndemanga amailemba ali ndi mtima umenewo. Koma TV yachiwiri, firiji yachiwiri, mayikulowevu yachiwiri, apa ndi pomwe bambo akunena zoona. Ndalama zangokhala, malo zatenga, ndipo waranti ikutha chinthu chili mu katoni. Pa zinthu zikuluzikulu chomwe mumasunga ndi manambala a foni: pulambala, wamagetsi, wokonza maloko, wokonza firiji, ndipo pa ntchito iliyonse anthu awiri chifukwa woyambayo tsiku lomwe mukumufuna foni yake imakhala yothima. Muzilipira anthu amenewa msanga akagwira ntchito, amene amalipira bwino ndi amene amayankhidwa Lamlungu.

Makiyi akhale osachepera maseti 4: a mlendo, a wokonza mnyumba, anu, ndi ena odikira kwa munthu wodalirika wapafupi kapena mu kabokosi ka manambala kobisika. Pa kiyi musalembepo adiresi ya nyumba, ikatayika mwapereka nyumba kwa wotola. Ndipo kiyi yodulitsa kumene muiyese pa chitseko tsiku lomwelo, zina zimabwera zosatsegula.

Tibwere ku zotha tsiku ndi tsiku, tishu, sopo, shampu, mapepala a mu bini, sopo wa mbale. Airbnb pa zomwe amati zofunikira amatchula tishu, sopo, thawulo limodzi pa mlendo aliyense, pilo mmodzi pa mlendo aliyense, ndi zoyala pa bedi lililonse. Pamenepo ndi poyambira chabe. Tishu ndimaika imodzi pa chokolekera ndi ziwiri pambali mu chimbudzi chilichonse kwa anthu a masiku awiri kapena atatu, akakhala a sabata ndimawonjezera. Zomwe mwaona zoti alendo amatenga chilichonse ndi zoona koma sikuti onse ndi akuba, munthu akaona paketi ya tishu 24 ili poyera amaganiza kuti zonsezo ndi gawo la zomwe walipira, wina amagwiritsa ntchito mosasamala, wina potuluka amaponya ziwiri mgalimoto. Mukaika zitatu amagwiritsa zitatu. Koma musapitirirenso mbali inayi, kumusiyira munthu theka la tishu kuti mupulumutse timakobiri, ndemanga imodzi yonena kuti tinachita kukagula tokha tishu usiku imakudyerani zambiri kuposa katoni yonse. Sopo wa mmanja, shampu ndi sopo wosambira gulani wa mu zigubu zazikulu muzithira mmabotolo opopa omwe amakhala ku bafa komweko, ngati nkotheka omangirira ku khoma. Timabotolo ting'onoting'ono tija timapita tonse, tatsegulidwa kapena ayi. Mapepala a mu bini ikani awiri atatu pansi pa bini momwemo, kunsi kwa lomwe lavekedwa, aliyense wochotsa zinyalala amawapeza pompo.

Nde funso lanu lomaliza, muziika pati. Ine ndimagawa malo atatu ndipo mukangomvetsa izi vuto lanu latha theka.

Malo oyamba ndi poyera, zomwe mlendo atha kutenga osafunsa: tishu zija, bulangete, thawulo limodzi kapena awiri owonjezera, tsache, mopu, sopo wa mbale. Chilichonse chomwe mwaika apa muwerengeretu kuti chagwiritsidwa ntchito, musadzakhumudwe.

Malo achiwiri ndi kabati yokhoma mnyumba momwemo, kiyi muli nayo inu ndi wokonza mnyumba basi. Umu ndi momwe mumakhala maseti a pabedi, mathawulo, matambula aja, zigubu za sopo, mankhwala otsukira. Ikhale loko yeniyeni, kapepala kolemba kuti musatsegule sikaletsa munthu, kamachita kumuitana. Mu malamulo a nyumba lembanimo chiganizo chimodzi choti kabati yakuti ndi ya eni nyumba ndipo ndi yokhoma, kuti munthu asadabwe kapena kuganiza kuti mwabisamo zoopsa. Ndipo chonde musaganize zoika kamera mkati kuti muone amene akutsegula, Airbnb inaletsa makamera onse a mkati mwa nyumba kuyambira pa 30 April 2024, kaya mwauza alendo kaya ayi, mutha kutsekeredwa akaunti chifukwa cha mathawulo.

Koma chomwe chinandibwezera tulo ndi kabokosi kakang'ono ka pakati pa malo awiriwa. Kabokosi ka pulasitiki kapena kachitsulo, kokhoma ndi loko ya manambala, kali pansi pa sinki kapena pamwamba pa wadirobu. Mkatimo muli mabatire AA 4 ndi AAA 4, la 9V limodzi, babu limodzi la mtundu uliwonse, mafyuzi, sikuludalaiva, tochi, chaja, adaputa, tishu ziwiri ndi kiyi yapadera. Mlendo akaimba usiku kuti rimoti yafa, mumangomuuza kuti pepani kwambiri, tsegulani pansi pa sinki, nambala ndi yakuti, mwatembenuka mwagona. Mlendoyo amasangalala kuposa mukanabwera nokha pakatha ola, chifukwa vuto lake latha mphindi ziwiri ndipo sanafunike kuvala kuti akutsegulireni. Akatuluka musinthe nambala ndi kubwezeretsa chomwe chatengedwa.

Malo achitatu ndi kwanu, kapena kulikonse kunja kwa nyumba ya alendo: makatoni ogula mopikula, ketulo yapadera, mapilo atsopano. Kuchokera uku mumadzadza kabati yokhoma ija kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri.

Zonsezi zimagwa ngati palibe wowerenga. Kabati yodzadza imanyenga, mumangoona ngati zilipo mpaka tsiku lomwe mwapisa dzanja nkupeza katoni yopanda kanthu. Matani pepala kuseri kwa chitseko cha kabati, chinthu chilichonse ndi nambala yomwe sichiyenera kutsika kupitirira pamenepo, mwachitsanzo tishu zikatsala 12 tigule, matambula apadera akatsala awiri tigule. Nambalayo muipeze poona kuti mumagwiritsa zingati pa sabata komanso zimakutengerani masiku angati kuti mukagule, musakopere ya munthu wina. Ena amajambula mzere ndi maka pa shelefu, katundu akatsika kufika pa mzere ndiye kuti nthawi yakwana, njira imeneyi ndimaikonda chifukwa safunika kuwerenga. Wokonza mnyumba akamaliza ntchito azikutumizirani zithunzi pa WhatsApp, cha kabati chitseko chili chotsegula, cha mu kabati ya mbale, ndi cha chilichonse chomwe wapeza chowonongeka.

Apa ndinene mosabisa mayi, wokonza mnyumba musamudule malipiro chifukwa cha tambula losweka kapena thawulo losowa. Mukatero kamodzi kokha, ulendo wina sadzakuuzani, adzangokankhira matambula otsalawo kutsogolo kuti shelefu ioneke yodzadza, ndipo mudzadziwira kwa mlendo kuti anthu 4 akumwera matambula atatu. Munthu ameneyu ndi maso anu mnyumbamo, mukufuna azikuuzani nkhani zoipa msanga.

Nanga mlendo akaswa, alipire? Tambula, kasupuni, thawulo limodzi lothimbirira, ine sindifunsa ngakhale pang'ono, zimenezo ndi mtengo wa bizinesi ngati sopo. Pa ndalama ya usiku uliwonse muzipatula kachigawo kakang'ono kolowa mu thumba la zobwezeretsa, pakatha miyezi 3 kapena 4 mudzaona nokha ngati kakukwana, ndipo bambo akafunsa mudzawaonetsa kuti kabati ikudzigulira yokha. Kukangana ndi mlendo pa tambula limodzi mumapeza ndalama ya tambula nkutaya nyenyezi zomwe alendo amakupatsani pa ndemanga. Zikakhala zazikulu, TV yosweka, matiresi owotchedwa ndi ndudu, chitseko chothyoledwa, pamenepo pemphani. Pa Airbnb pempho la zowonongeka kudzera mu AirCover, chitetezo chomwe iwo amapereka kwa eni nyumba, liyenera kuperekedwa pasanathe masiku 14 mlendoyo atatuluka, ndipo adzafuna umboni, ndiye jambulani musanakonze kapena kutaya, komanso malisiti a zinthu zodula muziwajambula tsiku logula nkuwasunga mu foni. Kutha kwa chinthu chifukwa cha ukalamba salipira, chiwaya chokandika chija musachitumize nkomwe. Ngati mumalandiranso alendo kudzera pa Booking.com kapena mwachindunji, malamulo ake ndi ena, werengani a kumeneko padera.

Chifukwa china chomwe sindikulimbikitsirani kuunjika ndi choti katundu amawonongeka ali chikhalire. Jiki amatha mphamvu pakapita miyezi, makamaka pamalo otentha, chigubu cha chaka chatha chimangonunkha koma sichiyeretsa ngati kale. Mabatire ali ndi deti, ndipo sakonda kutentha. Nsalu mukazitsekera mu pulasitiki zisanaumitsitse zimachita nkhungu timadontho takuda tosachoka, shelefu yake ikhale youma ndipo mpweya uzidutsa. Mankhwala otsukira asakhale shelefu imodzi ndi mathawulo, akhale pansi, akadontha asadonthere pa nsalu. Ndipo jiki asasakanizidwe ndi viniga, ndi mankhwala a asidi otsukira chimbudzi, kapena ndi chilichonse chokhala ndi ammonia, pamatuluka mpweya wapoizoni womwe mu bafa lotseka utha kumugwetsa munthu. Ichi nchifukwa china chomwe mankhwala amphamvu amayenera kukhala kokhoma, alendo ena amabwera ndi ana okwawa.

Kabokosi ka chithandizo choyamba kakhale poyera, mapulasitala, bandeji, magolovesi, mankhwala otsukira bala, ndipo muzikatsegula mwezi ndi mwezi chifukwa mapulasitala amatha mwakachetechete. Mapiritsi ine sindiikamo, simudziwa yemwe thupi lake limadana ndi chiyani. Chozimitsira moto muziyang'ana kamuvi kake ngati kali pobiriwira. Penti yotsala ija musataye, thirani mu kabotolo kotseka bwino, lembanipo dzina ndi nambala ya mtundu wake ndi chipinda chake, masutikesi amakanda makoma a mu kolido mosalekeza ndipo kabulashi kakang'ono kamabisa zimenezo mphindi zochepa. Chimodzimodzi matailosi otsala, awiri atatu asungeni.

Zomwe alendo aiwala, machaja, maambulera, majuzi, si katundu wanu wapadera. Mulembereni mwini wake kaye, sungani nthawi yomwe munalemba mu malamulo a nyumba, akapanda kuyankha ndiye muone chochita. Shampu wotsala theka ndi zakudya zotsegula tayani, musamusiyire mlendo wotsatira poganiza kuti mukumukomera mtima.

Simukuyenera kugula zonse mwezi uno. Yambani ndi kabokosi ka mabatire kokhoma ndi manambala kaja, ndi kotchipa ndipo foni za usiku zitha sabata yomweyo. Kenako zotchingira matiresi, kenako seti yachitatu ya pabedi ndi mathawulo, za ku khitchini zibwere pambuyo. Kwa miyezi iwiri muzilemba chilichonse chomwe chasweka, chasowa kapena mlendo wafunsa, nyumba iliyonse ili ndi matenda ake, ya mabanja a ana imadya zotchingira matiresi ndi makapu, ya anthu obwera ku ntchito imadya mahang'ala ndi ayironi, ndipo pepala lanulo lidzakuuzani zoona kuposa ine.

Ndatsala pang'ono kuiwala chimodzi, chopopera chimbudzi chikatsekeka, cha mphira cha ndodo chija. Ichi musachiike mu kabati yokhoma, musachiikenso mu kabokosi, chikhale kuseri kwa chimbudzi penipeni pomwe munthu achione osafunsa. Rimoti ikafa mlendo amaimba, koma chimbudzi chikatsekeka ambiri amachita manyazi, amangogujumula kachiwiri, kachitatu, madzi nkusefukira pansi, inu mudzamva mawa lake kuchokera kwa wokonza mnyumba, kapena kwa okhala nyumba ya pansi panu.